A Venansiyo, Mkamwini wa Manja Obiriwira

Lamulungu lapitali tinapemphetsa misa ya a Venansiyo Phiri, popeza chakwana chaka chimwalirireni. A m'mudzi mwathu tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa amenewa anadzera ubatizo wa mwana wina, misa yathuyo anangoipezerapo. Apadiri anatchula dzina lawo mothamanga, pakati pa maina ena anayi, ngati munthu wowerenga nkhuku zikamalowa m'khola. Pobwerera kuchokera ku tchalitchi cha ku Fonte Boa, mawondo akundiwawa pa chitunda chilichonse, ndinati ndilembe zimene ndikukumbukira zisanandithawe. Ine si mlembi ayi. Ndine mmisiri wa matabwa amene anadziphunzitsa kuwerenga pa mapepala okulungira mchere, ndipo mpaka lero ndikamawerenga milomo imayenda, mkazi wanga nkumandifunsa ngati ndikupemphera kapena ndikutukwana munthu.

Maliro awo sitinaike nawo. Anamwalirira kwawo, cha ku Kalomwe, ndipo uthenga unatipeza patapita masabata awiri. Anabwera nawo munthu wa njinga wonyamula nyemba, amene anaima pano kupempha madzi akumwa. Anati, "Kodi kuno nkumene kunkakhala mkulu uja wa manja obiriwira? Anamuika." Anamwa madzi, nathokoza, nakankha njinga yake.

Mudzi uno sunali wawo, monganso si wanga. Tonse awiri tinali akamwini, iwo wamkulu ine wamng'ono, nyumba zathu zoyang'anana. Mkamwini amamanga nyumba ndi manja ake, amalima, amabzala mitengo, koma nthaka imene waimapo ndi ya mkazi wake ndi alongo a mkaziyo. A Venansiyo anakhala kuno zaka zopitirira makumi atatu, ndipo zaka zonsezo chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti aziwasiya akhale. Kwawo kunalibe munda wawo, kunalibe wowadziwa. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, wachitatu anapita ku migodi ya kumwera osalembanso kalata. Chimene chinkawagwirizira m'mudzi muno anali akazi awo, a Nasitaziya, amene tinkawaitana kuti aNambewe, basi.

Anali munthu wamtali wopendekekera kumanzere, chifukwa cha zaka zotunga madzi ndi zaka zina za chibalo pamsewu wa ku Tete, zimene sankazikamba. Ankayenda ngati munthu amene wafika kale kumene akupita koma sanapezeko pokhala. Manja awo ndiwo ankayamba kuoneka. M'ming'alu ya zikhatho ndi m'zikhadabo munali mobiriwira, ndipo sopo sankachotsa. Pamwamba pa zala panali zipsera zoyera za njereza. Amayi a pamtondo ankati aPhiri anafuna kukwera kumwamba, anangogwirako thambo nkuterereka. Iwo akamva ankangoti, "Eya, ndipo nkoterera ndithu," nkumapitirira.

Ntchito imeneyi anaiphunzira ku misau, kumene ena amati ku mishoni, m'dimba la apadiri. Kunali irimau wina, amene ena amati bulazala, wokalamba wochokera ku dziko lawo la mphesa, ndipo a Venansiyo anamutungira madzi zaka zambiri. Pamene chiwawu chinafika pa mbatata za kachewere kuno kumapiri, tonse tinasowa pogwira. Amene anachiona sangachiiwale. Nkhungu ikagona masiku atatu, masamba amachita mathotho akuda, kunsi kwake ubweya woyera, ndipo sabata isanathe munda wonse wagona pansi, ukununkha. Kukumba, mbatata ili phala. Koma dimba la ku misau linali chiimire. A Venansiyo ankadziwa chifukwa chake, pakuti ndiwo ankasakaniza mankhwalawo. Irimau uja atabwerera kwawo kukafa, anawasiyira mgolo wa matabwa umene kale unkabwera ndi vinyo wa misa, ndi mawu amodzi a Chipwitikizi amene ndidzawatchule.

Ankachita motere. Ankatenga sulufato, timiyala tobiriwira ngati thambo la nthawi yokolola, nkutimanga m'kasaka, nkukalenjeka m'madzi mu mgolo uja kuti tisungunuke tokha. Mu mtsuko wina ankazimitsa njereza yowotcha. Chimenechi sindinatope nacho kuchiona: munthu athira madzi ozizira a pachitsime pa miyala yoyera, miyalayo nkuyamba kulira, kutupa, kufuka nthunzi, madzi nkuwira pansi popanda moto. Akasefa pa chiguduli, ankaphatikiza zonse ziwiri akutakasa ndi ndodo ya nsungwi. Chitsulo sichinkayandikira pamenepo, kupatula mpeni wawo woyezera. Wina akabwera ndi ndowa kudzawathandiza, ankamukuwira akadali patali ngati wabwera ndi moto pafupi ndi nkhokwe. Pomaliza ankatulutsa mpeni, nkuukwecha pamchenga mpaka uwale, nkuuviika m'madzimo. Ankanena Tikuoneni Maria kawiri chamumtima, ndiko kunali kuyeza nthawi kwawo, kenaka nkuuzula ndi kuuyang'ana. Ukatuluka wofiira ngati chibangili cha mkuwa, ankawonjeza njereza nkuukwechanso. Ukatuluka woyera monga unalowera, ankati, "Purontu," mawu a irimau aja otanthauza kuti zatheka, ndipo ankanyamula mtsuko ndi tsache la udzu kukawaza mizere, tsamba ndi tsamba, pamwamba ndi kunsi, mpaka dzuwa kupendeka. Mvula ikatsuka, ankayambiranso. Sindikudziwa kuti anayenda mitunda ingati chowerama m'minda ya anthu ena.

Ankakonda kunena kuti mankhwalawa sachiza, amangotseka chitseko, ndipo wowaza matenda atalowa kale akungodzitopetsa. Ankatinso madzi osakaniza dzulo ndi madzi chabe, atayidwe. Tsiku lina ndikupala thabwa anandiuza kuti miyala amaikonda kuposa anthu, chifukwa njereza ikakuwotcha lero idzakuwotchanso mawa mofanana, siisintha malinga ndi amene wamwa naye mowa. Anali ndi mikangano yawo ing'onoing'ono. Ndi aNambewe ankalimbirana mitsuko. Mtsuko uliwonse wolowa sulufato sunkabwereranso kukhitchini, a Venansiyo ankaulemba mtanda wa makala ndi kuletsa ngakhale kumwetsera nkhuku, ndipo aNambewe ankadandaula kuti anakwatiwa ndi mwamuna wokwatira mitsuko. Ndi ine ankakangana za buku.

Bukulo ndinalipeza ku loja, sitolo ina ya ku Ulongwe, mwini wake akung'amba masamba kukulungira misomali. Linalibe chikuto, kutsogolo ndi kumbuyo linali litadyedwa kale. Ndinapempha chotsalacho. Linali la kimika, la ana a sukulu za ku Putukezi, ndipo linanditengera dzinja lathunthu, ndi Chipwitikizi changa cha pamsika, kuti ndimve zimene mwana wa kumeneko amamva asanadye nkhomaliro. Linkati zinthu zonse za pansi pano, mwala, mpweya, mwazi, nyemba, ngakhale ine ndemwe, zinapangidwa ndi mitundu ya zinthu yosakwana zana, imene siingaswedwe kukhala china. Chitsulo ndi mtundu umodzi, mkuwa ndi wina, ndipo uliwonse uli ndi malembo ake ndi kanyumba kake pa tsamba lina lojambulidwa ngati mizere ya dimba. Chitsulo sichisanduka mkuwa, linatero bukulo. Mkuwa umakhala utabisala kale mu sulufato, womangana ndi mwala wachikasu uja amaika mu onga wa mfuti, ndi gawo lina la mpweya umene timapuma. Mpeni ukalowa, chitsulo pang'ono chimasungunukira m'madzi nkulanda malo a mkuwa, ndipo mkuwa wosowa pokhalawo umakangamira pa mpeni.

Ndinathamanga nalo kwawo ngati ndatola ng'ombe. Ndinawapeza akusoka tsache pakhonde. Ndinafotokoza zonse, manja ali m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Anandimvera mpaka ndinatha mpweya.

"Ndiye mwati chiyani, a Porofesoro?"

"Ndati chitsulo ndi Fe, mkuwa ndi Cu."

"Fe."

"Eya, aPhiri."

"Nanga Fe ameneyo akafiira, muthira chiyani?"

Ndinavundukula masamba uku ndi uku. Tsamba limenelo linali litapita ndi misomali ya munthu wina.

"Njereza," anatero. "Imagwira mkuwa pamkono kuti usayendeyende pamasamba. Pitani mukalembemo, buku lanu likhale lathunthu."

Ndinabwerera kwathu makutu ali pansi, ndipo dzina la Porofesoro linandikakamira mpaka lero. Koma patapita masiku anayi anafika pa chisakasa changa, nakhala pa thabwa, natulutsa mpeni uja. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anati, "aBanda, mwati chitsulo chimatsalako m'madzi muja? Ndiye nchifukwa chake ukuonda mpeniwu. Ine ndinkati ndi mchenga wokha." Ndinati mwina ndi zonse ziwiri. Anagwedeza mutu, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.

Koma ndathamanga. Bukulo linabwera mochedwa, mlandu utatha kale. Likanabwera msanga sindikudziwa ngati likanathandiza, pakuti pa mlanduwo panalibe amene akanamvera mkamwini wachiwiri akuwerenga Chipwitikizi chothyoka.

Mwini mbumba ya aNambewe anali mlongo wawo wamkulu, a Kasiyano Mbewe, amene alipo mpaka lero ndipo akamva kuti ndalemba izi sadzandipatsanso moni. Si munthu woipa. Ndi mlimi wamphamvu, wosakonda kupempha. Chiyambire ankawaitana a Venansiyo kuti "alendo athu," ngakhale imvi zitamera onse awiri, ndipo a Venansiyo ankayankha ndi ulemu wambiri wopitirira muyeso, umene aliyense ankaumva kuti si ulemu. Anthu atayamba kubwera kuchokera m'midzi ina kudzapempha mkamwini kuti akawawazire, a Kasiyano zinawakhala pakhosi. Munda wawo unali waukulu kuposa yonse, m'mphepete mwa dambo, ndipo sanafune kuti mlendo akaupulumutse.

Chaka cha mlanduwo nkhungu inabwera msanga. M'mawa wina a Kasiyano anadzaima pafupi ndi mgolo, manja kumbuyo, ngati akungodutsa. Ine ndinalipo, ndinkakonza chitseko cha nyumbayo. Anayang'ana kasaka, anayang'ana mtsuko, kenaka anafunsa, "Alamu, mumadziwa bwanji kuti apsa?"

"Mpeni umanena," anayankha a Venansiyo osatukula mutu.

Anaviika, napemphera, nazula. Unatuluka wofiira psuu, ukunyezimira padzuwa. A Kasiyano anati, "Ee! Taonani!" Nthawi yomweyo kunamveka kukuwa kuti ng'ombe zawo zalowa m'chimanga cha eni ake, ndipo anathamangira kumeneko. Sanaone njereza ikuwonjezedwa, sanaone mpeni ukutuluka woyera, sanamve "Purontu."

Tsopano taganizani monga anaganizira iwo. Kwathu kuno chitsulo chikafiira pa ng'anjo ndiye kuti chapsa. Mankhwala a asing'anga akasintha madzi mtundu ndiye kuti agwira. Munthu waona ndi maso ake mpeni wachitsulo ukulowa m'madzi nkutuluka wa mkuwa, angaganize bwanji kuti chimenecho ndi chizindikiro choti zinthu sizili bwino? Anapita ku Ulongwe, nagula sulufato wawo, nasakaniza mu mbiya ya mowa kuseri kwa khola. Poyamba mpeni unatuluka woyera, ndipo anati mankhwala afooka. Anawonjeza sulufato, nawonjezanso, mpaka mpeni unafiira kuposa uja anauona. Anawaza munda wawo wonse, ndi minda iwiri ya alongo awo ena, kuti mbumba ione kuti mwini wake alipo. Patapita masiku awiri masamba anali atapsa ngati padutsa lupsa. Chotsalacho chiwawu chinamaliza.

Mlandu unakhala m'mawa, pansi pa mtengo wa mapichesi umene a Venansiyo anabzala okha. Kunabwera mbumba yonse ndi ife akamwini, amene tinakhala kumbali monga mwa malo athu. A Kasiyano sanakuwe. Maso awo anali ofiira, mawu ali pansi. Anati anachita zonse monga anaonera, sanasiye kanthu. Anati mankhwala alionse ali ndi chizimba chake, kanthu kobisika kamene mwini wake yekha amakadziwa, ndipo mlendoyu anawabisira chizimbacho dala, nawayang'ana akupita kukawotcha chakudya cha mabanja atatu. Munthu wotero, anatero, amange katundu wake.

A Venansiyo anaimirira pang'onopang'ono. Anati chizimba palibe, pali njereza. Anati mpeni wofiira umatanthauza kuti ayi, osati eya. Wina anaseka chifukwa zinamveka ngati bodza la mwana. A Venansiyo anati bweretsani mitsuko ndisakanize pano aliyense aone.

"Manja anu omwewo?" anatero a Kasiyano. "Tayang'anani zikhadabozo. Tidziwa bwanji chimene mwasungamo?"

A Venansiyo anayang'ana manja awo, nawabisa kumbuyo ngati aba nawo kanthu. Ine ndinatsegula pakamwa, koma mkazi wanga anandiyang'ana kuchokera kumene anakhala amayi, ndipo ndinatsekanso. Ndalemba zimenezi kuti wina asadzati ndinali ngwazi.

Amene anadzuka anali aNambewe. Anali mayi wamfupi, wosalankhula pagulu, ndipo anayamba wamanga chitenje chawo bwinobwino. Anati, "Achimwene, anga manjawa anatuluka m'mimba imodzi ndi anu. Tayang'anani, mulibe kanthu." Anatambasula zikhatho. "Bambowa akakhale pachulu apo, atifulatire. Ndipatseni mpeni wanu, sulufato wanu wotsala uja, ndi mitsuko iwiri ya kwanu."

"Iwe udziwa chiyani za izi?"

"Zaka zonsezi mitsuko yanga ikutha, mumati ndinkayang'ana kuti?"

A Venansiyo anakakhala pachulu, msana kwa ife, chipewa pamaondo. Sitinadziwe kuti aNambewe amadziwa, ndipo ndikhulupirira kuti amuna awonso sankadziwa. ANambewe anazimitsa njereza osaphethira nthunzi ikuwomba kumaso. Anasefa. Mtsuko woyamba anauza a Kasiyano kuti anene okha pamene akuti apsa, ndipo mpeni utafiira a Kasiyano anati pamenepo. Mu mtsuko wachiwiri aNambewe anathira njereza, kuviika, kupemphera mokweza kuti onse amve kuti ndi Tikuoneni Maria wamba, kukwecha, kuthiranso, mpaka mpeni unatuluka woyera. Kenaka anasenza mitsukoyo kupita kumunda kwawo komwe, umene unali wobiriwira ndithu, nawaza mizere iwiri ya kumapeto ndi mtsuko wofiiritsa, iwiri ina ndi woyeretsa. Anazika bango pakati. Anati, "Tidikire masiku atatu. Ikapsa yonse, kapena ikapanda kupsa yonse, ndiwaperekeza ndekha mpaka pamsewu."

A Venansiyo anamanga mtolo tsiku lomwelo: bulangete, malaya a Lamulungu, kolona, khasu losazika mpini. Anauika pakhonde poonekera. Kumunda sanapondeko, kuti asadzati anakachitako kanthu. Masiku atatuwo anathera pa chisakasa changa, atakhala pa thabwa, akuyang'ana zipalapala zikugwa. Tsiku lachiwiri masana analankhula.

"aBanda, munalipo tsiku lija."

"Ndinalipo."

"Ndinaona kuti sanamve. Pamene anati 'Ee, taonani,' ndinadziwa. Ndikanawatumira mawu madzulo ake. Ndinati aphunzire kufunsa bwino." Anasisita bondo. "Ndinkati akawotcha mzere umodzi abwera. Sindinadziwe kuti awaza minda itatu tsiku limodzi. Munthu uja ndi wamphamvu pa ntchito."

Ndinapala thabwa limene linali losalala kale.

Tsiku lachitatu tinapita tonse. Panalibe chofunsa. Mizere iwiri inali yofota, m'mphepete mwa masamba mwauma ngati fodya. Iwiri inayo inali chiimire, ndi madontho ake obiriwira motuwa. A Kasiyano anayenda mizereyo kawiri, natyola tsamba, nalifikisa m'manja. Sanapepese, ndipo a Venansiyo sanaulule zimene anandiuza. Pobwerera a Kasiyano anadutsa pakhonde paja, nayang'ana mtolo, nayang'ana kumwamba. Anati, "Mvula ikubwera. Lowetsani katunduyo anganyowe." Kukhululukirana kwawo kunathera pamenepo.

Chaka chimenecho mbatata za a Venansiyo zinadyedwa ndi mabanja anayi. Ankasenza okha madengu kukatula pakhomo pa alamu awo m'mawa, osagogoda. Ndipo anasintha. Munthu uja wa mawu awiri anasanduka wotopetsa. Aliyense wobwera kudzapempha mankhwala ankamukhazika pansi, nkumuonetsa mpeni wofiira, "Uwu ndi ayi," nkumuonetsa woyera, "Uwu ndi eya," nkumuuza abwereze, kawiri, katatu, ngakhale munthu amene anamuuza kale chaka chatha. Anthu anayamba kutuma akazi awo, ena kuzemba njira akawaona. Ku mowa wina akafuna kukana chikho ankati, "Mpeni wafiira," onse nkuseka. Iwo ankadziwa kuti akusekedwa, koma sanaleke. Lero m'midzi yozungulira kuno anthu ambiri amasakaniza okha, ndipo sindinamvenso za munda wopsa. Ukawafunsa anawaphunzitsa ndani, amati zimadziwika.

Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Kenaka aNambewe anadwala chifuwa nthawi yozizira, ndipo sichinawasiye. Titameta maliro, inafika nthawi yosudzula wamasiye, kumumasula kuti abwerere kwawo. Mwambo umalola kuti eni mudzi anene kuti uyu wakalamba nafe, akhale. Mawu ake ndi ochepa, mwana angawanene. A Venansiyo anavala malaya a Lamulungu, nakhala pamphasa, manja obiriwira aja ali pamaondo. A Kasiyano ananena zonse zoyenera: kuti anasunga bwino mlongo wawo, kuti palibe mangawa, kuti njira ndi yoyera. Anaima pang'ono, ndipo ndinaona ngati pakamwa pawo pakufuna kutulutsa kanthu kena. Anakhosomola, nakhala pansi. Amayi anayang'ana pansi. A Venansiyo anawomba m'manja katatu, nathokoza mbumba yonse ndi ulemu weniweni, umene sindinawamvepo nawo kale.

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu wa ku Kalomwe. Mgolo anausiya chifukwa panalibe wowasenzera, mpeni anatenga. Panjira sanakambe za mudzi. Ankandiuza kuti njereza ikakhalitsa pamphepo imafa, ndiziisunga mu mtsuko womata ndi dothi, ndipo anandibwerezetsa kawiri. Kamiyau, lole ya katundu, itafika anakwera pamwamba pa matumba a chimanga movutikira, mwendo umodzi ukulendewera. Sanakweze dzanja. Kumeneko anakhalako miyezi isanu ndi itatu, m'kanyumba ka mdzukulu wa mlongo wawo amene anali asanawaonepo.

Nyumba yawo inagwa ndi mvula ya chaka chino, ndipo mitengo ya denga anthu anasonkhera moto. Mgolo uja unauma, matabwa ake anamasukana, zomangira zake zili m'udzu. Malowo a Kasiyano anapatsa mdzukulu wawo wamkazi amene wangokwatiwa kumene, ndipo mkamwini watsopano, mnyamata wanthumanzi, analima ponse mpaka pamene panali khonde, nabzala nyemba. Zamera bwino, dothi la pabwinja ndi lachonde. Koma kuseri, pamene a Venansiyo ankatsukira mitsuko ndi kutayira zotsala zaka zonse zija, pali malo aakulu ngati mphasa ziwiri pamene sipanamere kanthu. Nyemba zimatuluka, nkuchita chikasu, nkufa zisanafike chala. Ngakhale chisoso chimalambalala. Mnyamatayo wabzalapo katatu.

Dzana ndinapeza a Kasiyano ataima pamenepo okha, atatsamira ndodo, pakuti nawonso miyendo yayamba kukana. Anakanda dothilo ndi chala cha kuphazi. Pansi pake ndi lotuwa mobiriwira.

"A Porofesoro, pamenepa padzamera liti?"

Ndinati sindikudziwa, mkuwa suwola.

Kenaka anaitana mkamwini uja, amene anabwera chothamanga khasu lili m'manja, namuuza kuti aleke kutaya mbewu, azilima mozungulira. Mnyamatayo anafunsa ngati aikepo khola la nkhuku. Anati ayi, pasiyeni choncho.